Kamsoti Kamene Ndinapha ndi Pakamwa

Anthu ena manyazi amachitira kutali, kumene sadzapitakonso. Ine anga ndinachitira pabwalo panga penipeni, masanasana, ndilibe nsapato, pamaso pa anthu amene lero ndi abale anga ndipo sindingawazembe pamaliro kapena paukwati. Akazi anga, a Nabanda, akuti nkhaniyi ndisiye kuibisa chifukwa ku Lisasadzi kuno palibe amene sakuidziwa, ndipo oikamba akumaikometsera ndi zabodza. Ndiye bola muimve kwa mwini wake.

Chaka chimenecho fodya anali atandikonda. Fodya wanga wa bale ankafika m'chifuwa, masamba ake otambalala ngati malichero, ndipo a m'munsi ndinali nditayamba kale kuthyola n'kumasoka. Ndikaima kumunda ndinkadziona ndili ku okushoni (malata a khitchini ndinali nditagula kale mumtima, ndi misomali yomwe). Kenaka Loweruka lina kunada mbali ya ku Njombwa. Mvula yake inabwera ndi mphepo ndi matalala aakulu ngati mazira a nkhunda. Sinakhalitse. Itasiya ndinapeza fodya yense ali zibowo zokhazokha, chigafa choumitsiramo fodya chitagwada pansi, mikangala yopachikira fodya ili m'matope. Chimanga nacho chinali chitagona. Sindinama, ndinakhala pamzere n'kulira, ine bambo wa imvi zanga.

Sindinali ndekha, matalala anasesa mudzi wonse. Patapita masabata angapo alangizi athu a zaulimi anatisonkhanitsa kusukulu n'kutiuza kuti boma lakonza thandizo ladzidzidzi la alimi amene mbewu zawo zinaonongeka. Ndalama zidzabwera pafoni, koma choyamba kudzafika anthu ochokera ku boma kudzaona okha kuonongekako, khomo ndi khomo. Tsiku sanatchule. Anangoti sabata yamawa.

Pobwerera ndinatsagana ndi a Gomani. A Gomani ndi aneba anga, munthu wabwino mtima, koma amadziwa zonse za boma ngakhale sanakhalepo pampando wa mu ofesi iliyonse. Anandikumbutsa za chaka cha chilala, pamene kunabwera chimanga chaulere ine n'kutsalira.

"Mukudziwa chimene chinakumanitsani?" anandifunsa.

"Ayi."

"Jekete. Munapita kumsonkhano mutavala jekete ndi tayi ngati mukukakwatitsa mwana. Anthu a boma saona munda, achimwene, amaona munthu. Akaona nkhuku pabwalo, sola padenga, wailesi ikulira, amati awa ndi opeza bwino. Ndipo amafunsa mochenjera. Amayamba acheza nawe, kukumvera chisoni, kenaka mwakachetechete n'kulowetsa nkhani ya nkhuku. Ukangovomera kuti ilipo imodzi, watha."

Nditafika kunyumba ndinawafotokozera a Nabanda.

"Munda waonongeka zoona, chigafa chagwa zoona," anatero. "Nanga inu mukufuna kuonjezera chiyani pa zoona?"

Ndinawayankha kuti za boma sazidziwa. (Mawu amenewa amandikumbutsa mpaka lero, kawirikawiri pakakhala alendo.)

Ndisanapitirize, ndikuuzeni za Tadala. Tadala ndi mwana wa mlongo wanga. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndiye tinamulera ifeyo, ndipo pano amasoka zovala pa Mtunthama. Mtsikana wolimbikira ntchito kuposa ana anga obereka ndekha. Anali atandiuza kuti kuli mnyamata wa ku Njombwa, dzina lake Yamikani, ndipo akwawo adzabwera kumapeto kwa mwezi kudzafunsira ukwati kwa ine monga malume wake. Anthuwo ndinali ndisanawaonepo. Suti yanga inali itachapidwa kale, ikudikira tsikulo m'sutikesi.

Koma sabata imeneyo mutu wanga unali pa boma. Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinayamba ntchito. Nkhuku zonse ndinakazitsekera m'khola la a Gomani. Mbuzi ndinakazimangirira kudambo. Sola ndinaitsitsa padenga n'kuilowetsa kunsi kwa bedi, mipando yabwino ndinaitsekera kuchipinda. Foni yaikulu yagalasi imene mwana wanga anatumiza kuchokera ku Joni ndinaizimitsa, n'kuikulunga mujumbo, n'kuikwirira mumtsuko wa nyemba.

Kenaka zovala. Ndinafukula thalauza limene ndinkavala posoka fodya zaka zapitazo, lakuda bii ndi utomoni, mwendo umodzi wofika m'bondo. Shati ndinatenga imene a Nabanda anali atayamba kuphulira miphika. Ndevu ndinasiya kumeta. Nsapato ndinaziiwala dala. Ndinadziyang'ana pagalasi, ndipo ine ndemwe ndinadzimvera chisoni.

Lolemba a boma aja sanabwere. Lachiwiri sanabwere. Lachitatu a Nabanda anakana kuyenda nane ngakhale kupita kuchitsime. Lachinayi anavala bulauzi yawo yoyera kupita ku mvano, n'kundisiya ndi mawu akuti, "Akabwera anthu anuwo musanene kuti muli ndi mkazi."

Dzuwa litakwera ndinamva kulira kwa galimoto. Inali pikapu yoyera, ndipo inakhotera kwathu. Munatuluka abambo awiri, onse a majekete, nsapato zopolisha, wamkuluyo atanyamula kachikwama kakuda m'khwapa. Ndinati basi, boma lafika. Ndinakhala pakhonde, n'kugwira tsaya, n'kukhosomola pang'ono.

"Odi kuno."

"Fikani, mabwana, fikani."

Wamkuluyo ndinamupatsa mtondo wong'aluka kuti akhalire, winayo njerwa ziwiri. Anakhala mosamala, akukweza mathalauza.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

"Kuswera kwake kuti, bwana. Tikungopuma chifukwa mpweya sagulitsa."

Anayang'anana.

"Pepani. Ine ndine Mwale, awa ndi mng'ono wanga. Kaya inu ndinu eni khomo lino?"

(Mumtima ndinati, mkulu ndi mng'ono ofesi imodzi. Anthu akamati ntchito za boma zimayendera chibale sanama.)

"Ndine amene, bwana. Zimene mukuonazi ndiye zonse."

"Chabwino. Ife tatumidwa."

"Ndikudziwa. Takhala tikukudikirani kuyambira Lolemba."

"Ndiye kuti uthenga unafika?"

"Unafika bwinobwino. Mudzi wonse ukudziwa."

A Mwale anamwetulira, mtima wawo n'kukhala pansi. Anakonza kukhosi kuti ayambe kulankhula, koma ine ndinawatsekereza. A Gomani anali atandilangiza kuti usawapatse mpata wofunsa asanaone munda.

"Musanayambe, tiyeni kaye kumunda."

"Kumunda?"

"Eee. Mukaone ndi maso anu, mudziwe khomo limene mwafikapo."

Anthu aulemu aja sanakane. Ndinawatsogolera, osadzera njira youma ya kumtunda koma ya kudambo, kuti amve bwino mavuto athu. Nsapato zopolisha zija zinasanduka zikombole za njerwa. Ndinawaonetsa fodya mzere ndi mzere, ndinawaonetsa chigafa, ndinawaonetsa ndi pamene ndinakhala tsiku lija polira. A Mwale anatola tsamba limodzi, n'kulitembenuza, n'kulinunkhiza.

"Uyu anali fodya weniweni," anatero motsitsa mawu. "Munamupatsa feteleza pa nthawi yake. Pepani kwambiri, bambo."

Zinandikhudza. Ndinati kodi ku boma kuli anthu odziwa fodya chonchi? Koma ndinakumbukiranso a Gomani: amayamba akumvera chisoni. Ndinalimba mtima.

Titabwerera pabwalo, aliyense pa mtondo wake ndi njerwa zake, a Mwale anaomba m'manja mwaulemu.

"Taona mavuto anu, ndipo atikhudza. Komabe chimene tadzera tinene. Kwathu tili ndi tambala. Tambala ameneyu waona kamsoti pakhomo pano."

Owerenga, inu mwamva kale. Mwana aliyense wa Chichewa akudziwa kuti awa ndi mawu ofunsira mbeta. Ine ndemwe ndinawalankhulapo mawu amenewa m'makomo mwa anthu. Koma tsiku limenelo khutu langa linangomva chinthu chimodzi: nkhani ya nkhuku ija yafika. Ndinasilira ndi kuchenjera kwake komwe.

"Msoti?" ndinatero ndikupukusa mutu. "Pano palibe, bwana. Chitopa chinapsereza khola lonse."

A Mwale anaseka pang'ono, ngati munthu amene akuganiza kuti malume akungovuta mwa mwambo.

"Ayi, tikunena kamsoti kamene munakalera nokha pakhomo pano."

"Kameneko ndiye kanayamba kudwala. Kanali kofooka chibadwire. Kaulesi, kosakhazikika, kutacha kali m'makomo mwa eni. Ntchito yake kudya basi. Ndikanadziwa ndikanakagulitsa kalekale kwa mavenda."

Mng'ono wawo anavula chipewa n'kuyamba kudzipepesera nacho mphepo.

"Ife tinamva mbiri yosiyana, bambo. Tinamva kuti n'kakhama, kaulemu."

"Akunamizani aneba ansanje."

"Komabe," anatero a Mwale, "tambala wathu wakakonda. Ngakhale kakhale kodwala, ife tikasamala."

Apa ndinaona kuti anthuwa akuzungulira kwambiri, ndipo njerwa zija zinali zitayamba kumupweteka mng'ono wawo. Ndinaganiza zowathandiza.

"Mabwana, tisatayane nthawi. Za nkhuku tisiye. Ife chimene tikudikira ndi ndalama. Mwabwera nazo m'kachikwamako, kapena mutumiza pafoni?"

A Mwale anakumbatira kachikwama kaja.

"Kangachepe ka mwambo tatenga ndithu," anatero. "Kaya kuno mumalandira motani?"

"Monga mmene mupatsire ena onse."

"Ena ati?"

"Mudzi wonse. Khomo lililonse likudikira. Mukachoka pano mupite kwa a Gomani, kenaka mutsike mpaka kumtsinje. Ndipo musadumphe matenanti a kuesiteti, nawonso ndi anthu."

Mng'ono wawo anayang'ana galimoto, ndipo ndinaona kuti akuyeza mtunda wake.

Nthawi yomweyo kuseri kwa nyumba kunatulukira kamsoti kamawangamawanga, konenepa bwino, kakuyenda mwaufulu ngati mwini khomo. Kanadutsa pakati pathu, n'kujompha chala changa chakuphazi, n'kulowa m'nyumba.

"Kameneko ndi ka aneba," ndinatero.

Pambuyo pake panabwera thadzi ndi anapiye ake. Kenaka tambala wanga wofiira, amene anakwera pakhonde, n'kukupiza mapiko, n'kulira kuyang'ana ine. Kenaka khola lonse. (Ndinadzamva pambuyo pake kuti akazi a a Gomani anatopa nazo zitawathera gaga, n'kungotsegula chitseko.)

"Aneba anu ali ndi nkhuku zokukondani," anatero mng'ono wa a Mwale. Anali mawu ake oyamba chifikireni.

Posakhalitsa ndinamva belu la njinga ya kabaza. Anatsikapo Tadala, thukuta lili kamukamu, ndipo pambuyo pake a Nabanda akubwera chothamanga, bulauzi yoyera ikuwala. Tadala anali atandiimbira foni kuyambira Lachiwiri kuti andiuze kuti alendo asintha tsiku, popeza galimoto ya kuesiteti kumene mng'ono wa a Mwale ndi kapitawo inapezeka Lachinayi lokha. Foni inali mu nyemba. Ataona kuti sizikutheka anatseka shopu, n'kudzera kutchalitchi kukatenga azakhali ake.

Anaima pamphepete pa bwalo. Anaona alendo, matope mpaka m'mawondo. Anaona mtondo ndi njerwa. Anaona ine. Kenaka anapita n'kukagwada patali pang'ono ndi a Mwale, nkhope pansi.

"Takulandirani, amalume a Yamikani."

Sindikudziwa ngati munayamba mwamvapo thupi lonse likuzizira dzuwa likuswa mtengo. Mawu onse amene ndinalankhula anabwerera limodzilimodzi, aliyense atavala tanthauzo lake lenileni. Kaulesi. Kosakhazikika. Mavenda.

"Bambo," anatero a Nabanda mofatsa kwambiri, kufatsa kumene ndimakuopa, "anthuwa mwawauza chiyani?"

"Ndimayesa a boma," ndinanong'ona.

A Mwale anandiyang'ana. Anayang'ana nkhuku. Milomo yawo inayamba kugwedera.

"Ndiye chitopa chija..."

Sanamalize. Anaseka mpaka mtondo unagubuduka nawo, n'kupitiriza kuseka ali chagada, kachikwama kali pamimba. Mng'ono wawo anakagwira galimoto, mapewa akugwedezeka. A Nabanda anayesetsa kukhala okwiya, koma a Mwale atawafotokozera za ndalama za mudzi wonse ndi matenanti omwe, nawonso anakhala pansi n'kubisa nkhope m'chitenje.

Amene sanaseke ndi Tadala. Anadzuka mwakachetechete n'kupita kuseri kwa khitchini. Ndinamutsatira ndi nsanza zanga. Ndinamupeza akupukuta misozi.

"Amalume, akanapita ndisanafike bwanji? Akanakanena chiyani kwawo? Kuti malume wake weniweni wati ndi waulesi?"

"Ndimanena nkhuku, mwanawe."

"Kosakhazikika, amalume? Ine?"

"Nkhuku, Tadala. Ndiponso nkhukuyo ndimainamizira."

Ndinagwada pamenepo, ine malume, kumupepesa mwana amene ndinamuphunzitsa kuyenda. Ndinamuuza kuti chimene ndaononga ndi pakamwa ndichikonza ndi pakamwa pomwepo. Anandiyang'ana kuyambira kundevu mpaka kumapazi, n'kupumira m'mwamba.

"Yambani mwakasamba," anatero.

Ndinasamba ngati wopita kukabatizidwa. Ndinameta, n'kutulutsa suti ija. Potuluka ndinapeza mipando yabwino ili pansi pa mango, alendo atatsukidwa nsapato. Ndinayenda mwaulemu wonse, n'kuwapatsa moni ndi manja awiri ngati sitinaonanepo.

"Takulandirani. Mwayenda bwanji?"

A Mwale ndi munthu wanzeru. Anaimirira osamwetulira n'komwe.

"Tayenda bwino. Kungoti tinapeza bambo wina pano, wovutika kwambiri. Kaya alowera kuti?"

"Ameneyo musamuwerengere. Amangobwera nthawi zina. Tamuthamangitsa."

"Mwachita bwino. Ndiye tiyambirenso. Kwathu tili ndi tambala."

Ulendo uno ndinamva. Ndipo nditayamba kufotokoza za kamsoti kathu sindinafune kusiya. Ndinawauza mmene Tadala anagulira makina ake osokera ndi ganyu wosankha fodya, mmene anagonera kuchipatala mwezi wathunthu kudwazika a Nabanda, mmene matalala atagwa anafikira ndi thumba la ufa pakabaza ine ndisanapemphe. A Mwale anangoti, "Izi ndiye tinamva ife." Kuseri kwa khitchini ndinamva munthu akumina, ndipo ndinadziwa kuti mlandu wanga wachepako.

Madzulo amenewo tinapha tambala wofiira uja. Sindikunena kuti ndinamusankha chifukwa cha zimene anachita pakhonde, koma sindinamulirenso.

Loweruka lotsatira pikapu yoyera ija inabweranso, itadzaza mitengo ndi udzu. A Mwale anali atauza akwawo za chigafa changa. Yamikani, amene ndinamuona koyamba tsiku limenelo, anabwera ndi abale ake, ndipo pofika madzulo chigafa chinali chitaima, chowongoka kuposa chakale. Mnyamatayo sananene kanthu za chitopa. Ndinamukonda pomwepo.

Nanga a boma enieniwo? Anabwera sabata inayo, pa njinga yamoto, mayi wachitsikana ndi alangizi athu aja. Ine ndinali kumsika. A Nabanda anawalandira atavala chitenje chawo chatsopano, wailesi ikulira, sola ili padenga, nkhuku zili balala pabwalo. Mayiyo sanafunse za nkhuku. Anayenda m'malire mwa munda atagwira foni, n'kujambula fodya, n'kufunsa nambala yotumizira ndalama, n'kumapita. Tiyi anakana, akuti makomo ndi ambiri. Thandizo linafika mwezi wotsatira, kwa ife ndi kwa a Gomani omwe, ndipo linatigulira chimanga chofika nacho ku dzinja ndi mbewu yodzalanso. Nditawafunsa a Gomani za malangizo awo aja, anati boma lasintha kachitidwe posachedwapa.

Chinkhoswe tinachita mwezi wa Okutobala, pabwalo lomwelo. Anthu anadzaza mpaka kumsewu. Itafika nthawi yosinthana nkhuku, a Mwale anandipatsa tambala, ine n'kuwapatsa msoti, kamawangamawanga komwe kaja. Anakalandira, n'kukatembenuza, n'kukatsegula mapiko, n'kukayang'ana m'maso pamaso pa khamu lonse.

"Kachira," analengeza.

Nthungululu zake zinamveka mpaka kudambo. Tadala, amene mwa mwambo amayenera kuzyolika, anaseka mpaka anamkungwi anamutsina. Ine ndinavina ndi tambala m'khwapa, ndipo sindinasamale kuti ndani akuloza chala.

Ndinaphunzirapo zambiri. Mlendo uzimulola amalize kulankhula. Foni si ya mu nyemba. Ndipo koposa zonse, a Gomani akayamba nkhani ndi mawu akuti "anthu a boma", munthu uzikumbukira kuti wasiya madzi pamoto. Izi ndinalumbira pamaso pa a Nabanda, ndipo ndinasunga lumbirolo nthawi yaitali ndithu.

Kungoti mwezi watha a Gomani anabwera ndi nkhani yoti kukubwera thandizo la alimi a njuchi, ndipo adzalandira okhawo amene ali ndi mng'oma wokhalamo njuchi. Ine mng'oma ndinapeza. Njuchi nazo ndinaziona pamtengo wina kudambo, zitaunjikana bwinobwino ngati zikudikira munthu wozisamutsa. Zino ndalemba ndi diso limodzi, linalo njuchi zalitseka. A Nabanda amangoti akandiyang'ana, n'kutuluka panja kukaseka.